Khadi M'thumba la Jekete la Bambo

Tembisa,
Lamlungu, titaweruka ku tchalitchi

Okondedwa azakhali anga a Ramadimetja,

Ndayamba ndi kugwada, ngakhale simukundiona. Muli bwanji kumeneko ku Ga-Masemola? Bondo lija likukulolani kufika ku mpopi? Nanga mvula yoyamba yagwa? Mbuzi yanu ija inazolowera kukadya kwa a Maleka inasiya khalidwe lake?

Ife kuno tadzuka. Ine ndikupitabe kochapa nsalu ku hotela, msana ukudandaula koma ukupita nane. Mdzukulu wanu Kgaugelo watalika kundiposa, ndipo pakamwa pake pakula kuposa thupi.

Mudabwa kuona kalata m'malo mwa foni. Chifukwa chake mukuchidziwa. Pafoni inu mumangoti "eya, eya mwanangu," ngakhale ndikuuzeni kuti nyumba yapsa. Nkhani iyi ndikufuna ilowe bwinobwino, ndiye valani magalasi, mukhale pansi. Kaphukusi kamene Lesiba wa minibasi akupatseni pamodzi ndi kalatayi musakamasule kaye. Ndimakudziwani, azakhali. Werengani mpaka kumapeto.

Mukuwakumbukira a MaDlomo, eni nyumba ino, gogo aja anakufunditsani bulangete lawo mutabwera kudzaona Kgaugelo ali wakhanda. Akalamba tsopano, ndipo akufuna kubwerera kwawo ku Nongoma. Akuti akufuna kukafera kumene nkhuku zimawadziwa.

Chaka chatha chikutha anandiitanira kukhitchini, n'kundithirira tiyi m'kapu ya alendo. Nditangoona kapu imeneyo ndinadziwa kuti kuli nkhani. Anati akugulitsa malo onse: nyumba yaikulu, zipinda ziwiri zakuseri zimene ine ndi mwana timagonamo, mpanda, geti ndi galu yemwe ngati wina akumufuna. Kenaka anati, iwe Mosima unandisambitsa ine nditathyoka chiuno, ana anga enieni akungoimba foni. Sindifuna ndione mlendo akukutayira katundu panja. Gula ndiwe.

Azakhali, ndinatuluka panja n'kukaima pansi pa mtengo wa pichesi uja. Mukuudziwa. Njere zake munabwera nazo ndinu, mutazimanga pakansalu, ndipo pansi pake ndi pamene tinakwirira mchombo wa Kgaugelo, inu nomwe mutagwira khasu. Pompano ndikulemba, uli mbuu ndi maluwa.

Ndalama zoyambira ndili nazo. Zaka zonsezi ndalama za chipereganyu ndi amayi anzanga sindinazidye. Koma nyumba si bulangete, zotsalazo n'zofunika kukakongola ku banki.

Ndiye mu Januwale ndinavala diresi langa la ku tchalitchi, ndinatenga chitupa ndi mapepala a malipiro, ulendo ku banki. Ndinakumana ndi mtsikana waulemu, dzina lake Refilwe, zikhadabo zazitali moti ndinadabwa kuti amasenda bwanji mbatata. Analemba nambala yanga pa makina ake, anayang'ana, analembanso, anayang'ananso. Kenaka anati, mayi, inu kuno kulibe.

Ndinati mwanangu, ndakhala pamaso pako, mpando wako ukundimva kulemera. Iye anati sakunena zimenezo. Anandifunsa ngati ndinakongolapo kalikonse m'moyo mwanga, kaya zovala ku sitolo, kaya foni, kaya mipando. Ndinatukula chifuwa, azakhali. Ndinati ngakhale kandulo, sindinakongolepo. Ndinkayembekeza kuti aitana anzake adzandiombere m'manja.

Anangopuma mozama ngati namwino amene waona chotupa. Anati vuto lake ndi limenelo.

Inu mukudziwa kuti ine ndinabadwa ndi mafunso m'kamwa, ndipo ndinu munkanditeteza anthu akamatopa nane, mumvekere musiyeni mwana, safunsa anadya phula. Ndiye ndinakoka mpando. Ndinati tandiuza bwinobwino, munthu wosakongola walakwa chiyani?

Mverani zodabwitsa. Akuti pali maofesi ena, osati banki, amene ntchito yawo ndi kusunga mbiri ya munthu aliyense amene anakongolapo. Sitolo ya zovala imakawauza, a mafoni amakawauza, banki imakawauza: uyu anabweza pa nthawi yake, uyu anachedwa, uyu anathawa. Kenaka makina amamupatsa munthuyo malikisi ngati kusukulu. Ukapita kukapempha ngongole ya nyumba, sayang'ana nkhope yako kapena manja ako, amayang'ana malikisiwo. Ine ndilibe ochepa, ndilibe ambiri. Pamalo pa malikisi anga pali kamzere chabe.

Ndinafunsa kuti maofesiwo ali kuti, ndikawaone anthuwo tikambirane ngati anthu. Anati sikupitika choncho. Ndinafunsa kuti amene amachonga mayesowo ndani, ali ndi amayi ake? Anaseka. Ndinati nanga chipereganyu chathu, chimene sindinaphonyepo mwezi chiyambire? Nanga bungwe la maliro? Nanga lendi ya a MaDlomo, imene ndimapereka pamanja mwezi usanathe? Akuti zonsezo makina saziona, chifukwa palibe amene anakawauza.

Ndinatuluka ndikuganiza. Kumudzi kuja munthu akafuna kudziwa ngati Mosima ndi wokhulupirika, amafunsa inu, amafunsa a Maleka, amafunsa aliyense pa mpopi, mpaka amva ndi za agogo anga zomwe. Kuno aliponso amiseche oterowo, koma amangonena za anthu angongole okhaokha. Ine amene ndinkayenda mowongoka anangondiphonya. Sizikudabwitsani inu zimenezi?

Nditafotokozera Kgaugelo, anagwa pabedi ndi kuseka. Amvekere, amayi, ndiye kuti ndinabadwa kwa mzukwa! Ndinamuponyera nsapato, koma ndinamuphonya dala.

Kuntchito ndinauza mnzanga Nomvuyo, amene timasita naye limodzi. Mkazi ameneyo, azakhali, ali ndi makhadi angongole odzadza chikwama, ndipo mwezi ukamatha amadya buledi woviika m'madzi a shuga. Anatulutsa foni n'kundionetsa malikisi ake, obiriwira bwino, makina akumukonda ngati mwana wachisamba. Akuti chinsinsi chake n'chakuti sachedwa kubweza, ngakhale agone ndi njala. Amvekere, iwe Mosima, wakhala ukusamba tsiku lililonse koma mumdima, ndiye ndani akudziwa kuti ndiwe woyera? Ndinamuuza kuti asite bwino, akupsereza pilo wa mlendo. Koma mawu akewo anandikhala.

Njira imene Refilwe anandiuza inali imodzi. Nditenge khadi la ngongole, laling'ono, lija amapatsa anthu ongoyamba kumene, kuti makina ayambe kundidziwa. Pakatha miyezi ingapo ndibwerenso tione za nyumba.

Apa ndi pamene mlongo wanu, bambo anga a Malesela, akulowera m'nkhani.

Ine ndinali wamng'ono, koma tsiku lija lole ya sitolo ya mipando inabwera kwathu ndikulikumbukira. Mgodi unali utawachotsa ntchito, ndipo analephera kumaliza kulipira. Linali Loweruka, mudzi wonse uli pakhomo. Anyamata aja ananyamula mipando imene amayi anali asanaichotse n'komwe mapulasitiki, ananyamula kabati ya galasi ija ndinkadziyang'anirapo. Anthu anadzadza kumpanda. Bambo anaima pageti chipewa chili m'manja mpaka fumbi la lole linatha.

Kuchokera tsiku limenelo, nyimbo yawo inali imodzi: chimene sunachilipire si chako, ngakhale uchigonere. Ndipo akudwala komaliza kuja, inu muli pomwepo mukuwapukuta pakamwa, anandigwira dzanja n'kunena kuti, Mosima, dzina la Sekgobela lisadzalembedwenso m'buku la sitolo. Ndinavomera. Munamva ndinu.

Tsono taonani. Bambo akuti dzina lisalembedwe. Banki ikuti nyumba sitikupatsa chifukwa dzina silinalembedwe. Ine ndili pakati ngati mbuzi yomangidwa zingwe ziwiri.

Khadilo ndinatenga, mu Febuluwale. Linabwera lonyezimira, dzina langa lili pamwamba. Ndinaliyang'ana mbali zonse, ndinalinunkhiza, ndinaliunika padzuwa kuti ndione pamene ngongoleyo imakhala. Kanthu kopepuka ngati tsamba, koma kanagwetsa mwamuna ngati bambo anga.

Kenaka ndinapeza nzeru imene ndinkati ndi ya mtsogoleri. Ndinati ndikondweretsa onse awiri. Banki yati nditenge khadi, ndatenga. Bambo anati ndisakongole, sindikongola. Ndinatsegula kabati, ndinatulutsa jekete lawo lakuda lija munandigawira pa tsiku logawa zovala, ndinalowetsa khadi m'thumba la mkati n'kumanga batani. Ndinati bambo, sungani ndinu, kuno silituluka. Mumtima ndinkati makina aja akaona kuti mayi uyu ali ndi khadi koma salikhudza, adzati koma uyu ndiye wodziletsa, mpatseni malikisi onse.

Nyengo yonse yozizira khadi linagona m'jekete. Ine ndinkayenda monyada. Nomvuyo akandifunsa, ndinkati zikuyenda, dikira udzaone.

Mwezi wathawu ndinavalanso diresi lija, ulendo kwa Refilwe. Analemba nambala, anayang'ana. Anandifunsa kuti khadi lija linatayika? Ndinati ayi, lili bwinobwino, lilibe ngakhale kokalika. Anati nanga mwagula nalo chiyani? Ndinati palibe, ndipo ndinamufotokozera za jekete.

Azakhali, mwana uja anayesetsa. Analuma mlomo, anayang'ana kudenga, koma zinamukanika. Anaseka mpaka kupukuta misozi ndi nsonga ya chikhadabo. Kenaka anapepesa, anati agogo ake a ku Mafikeng akanachitanso chimodzimodzi. Anati mayi, makina aja sayamikira munthu wosagwa chifukwa choti wakhala pansi. Amafuna akuoneni mukuyenda.

Ndinafunsa kuti ndiye ndigule chiyani, wailesi ya kanema yaikulu ngati chitseko? Anati ayi, ndiponso musayerekeze. Muzigula nalo zomwe mumagula kale, sopo, ufa, magetsi, tinthu ting'onoting'ono. Mwezi ukatha muzibweza zonse, osasiyako, chiwongoladzanja chisanamere. Kukongola, kubweza, kukongola, kubweza, ngati kupuma. Ndinati ndiye kuti ndizikongola ndalama imene ndili nayo kale m'chikwama? Anati eya. Ndinati kuti anthu amene sindidzawaona aone kuti ndabweza? Anati mwamvetsa tsopano.

Ine ndinaseka nanenso. Koma miyezi yonse ija inapita pachabe, ndipo nthawi siili kumbali yanga.

Paja a MaDlomo ali ndi mwana wamwamuna, Bhekani, wa ku Germiston. Iyeyo wapeza munthu wa ndalama zapamanja, amene akufuna kumanga tizipinda ta lendi bwalo lonse. Anabwera naye Loweruka lina ali ndi tepi yoyezera. Ndinawaona pawindo akuyeza kuchokera kumpanda, tepi n'kudutsa pa tsinde la pichesi ngati palibe kanthu. Mlendoyo anaugogoda mtengo ndi nsapato, amvekere uwu ndi wa tsiku limodzi. Ndinatuluka ndi beseni la madzi osukira mbale, ndipo sindikudziwa kuti zinatheka bwanji, madziwo anakafika pafupi kwambiri ndi nsapato zake.

A MaDlomo anamukalipira mwana wawo. Anati nyumba ndi yanga, sindinafe, ndipo mawu ndinampatsa Mosima. Koma madzulo ake anandiuza mofatsa kuti mwanangu, ndidikira mpaka Pasaka, kupitirira apo mphamvu zolimbana ndi Bhekani ndilibe. Refilwe akuti ndikayamba pompano, osaphonya mwezi, mwina pofika nthawi imeneyo makina adzakhala atandidziwa mokwanira. Akuti mwina. Sanalonjeze. Paja fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo.

Ndiye ndinatulutsa khadi m'jekete, ndinapita nalo ku sitolo. Ndinatenga sopo ndi mafuta ophikira, ndinaima pamzere. Itafika nthawi yanga ndinalitulutsa, ndipo fungo linandimenya. Miyezi yonse ija m'thumba muja, khadi linatenga fungo la bambo, la fodya wawo wa m'mphuno uja. Dzanja linakana, azakhali. Linangouma m'malere. Anthu kumbuyo anayamba kung'ung'udza, wina amvekere mayi, ena tili ndi ana pamoto. Ndinabweza khadi, ndinalipira ndi ndalama.

Ndinayesanso sabata yotsatira ku sitolo ina, poganiza kuti mwina vuto ndi malo. Chimodzimodzi. Ndinabwera kunyumba ndili ndi mkwiyo, osadziwa woti ndimukwiyire.

Ndinakhala pansi pa mtengo n'kuganiza. Ndinaona kuti ndakhala ndikuchita zinthu mobisa, ngati mwana wakuba shuga, pamene kwathu zinthu sitichita choncho. Mwana akafuna kukwatiwa, amakauzidwa amene anagona. Akapeza ntchito, akagula galimoto, akasamuka, amakauzidwa. Ndipo wokawauza si wina, ndi mlongo wa bambo. Pakamwa pathu kwa iwo ndi inu. Makina a ku banki sandidziwa, chabwino, adzandidziwa. Koma bambo amandidziwa, ndipo sindingawadutse kumbali.

Koma mukumudziwa mlongo wanu. Sankamva nkhani ya "ndikufuna ndidzachite." Ankati bwera ndi chinthu m'manja tichione. Ndikanakutumani kuti mukapemphe chilolezo cha chinthu cha m'malere, akanangotembenukira kukhoma.

Tsopano masulani kaphukusi kaja.

Shuga ndi masamba a tiyi ndi zanu, ndagula ndi ndalama zanga, imwani mopanda mantha. Koma kachitini ka fodya wa m'mphuno ako, mtundu womwe uja bambo ankaukonda, wa chivindikiro chachikasu, ndi kandulo woyerayo, ndagula dzulo ndi khadi. Ndi ngongole yanga yoyamba chibadwire.

Ndinaganiza kuti ngati ndikuthyola mawu awo, chinthu choyamba chikhale chawo. Ndipo mukudziwa, azakhali, ulendo uno dzanja silinakane. Ndinagunditsa khadi pa kamakina kaja, kanalira kamodzi, kapepala n'kutuluka. Basi. Denga silinagwe. Ndinayang'ana kunja, kunalibe lole. Ndinaima pomwepo misozi ikutsika, mtsikana wogulitsa n'kumandisisita dzanja, amvekere amayi musalire, khadi ladutsa, silinakane. Ankaganiza kuti ndikulira umphawi.

Pempho langa ndi ili. Mukadzuka m'mawa wa tsiku limene bondo lakulolani, mupite kumene bambo anagona. Mutenge madzi m'chikho, muwapemerere monga mumachitira, muyatse kandulo, muwatsirire fodya wawoyo. Musawabisire. Muwauze kuti Malesela, fodya uyu ndi wa pangongole, wagula ndi Mosima, ndipo dzina la Sekgobela lalembedwa. Muwauze kuti mwezi uno ukamatha ndikabweza yonse, ndipo ndidzachita choncho mwezi ndi mwezi, moti amiseche a m'makina aja sadzapeza choipa chonena za dzina lawo.

Akayamba kuvuta, paja ngakhale kumeneko sindikhulupirira kuti anasintha, muwakumbutse za tsiku lija anaima pageti chipewa chili m'manja. Muwauze kuti lole ija ikubweranso. Pasaka akadutsa nyumba ndisanaipeze, idzaima pageti pano, anthu adzadzadza kumpanda, ndipo Kgaugelo adzaona bedi lake likukwezedwa monga ndinaonera ine kabati ya galasi. Kwa iwo inabwera chifukwa anakongola. Kwa ine ikubwera chifukwa sindinakongole. Muwafunse kuti mwana wawo achite chiyani.

Ndipo pali funso langa lina, limene ndi inu nokha mungaliyankhe, poti munakula nawo m'nyumba imodzi. Kodi chimene bambo ankadana nacho chinali ngongole yeniyeniyo, kapena maso a anthu aja anali kumpanda? Ndakhala ndikulitembenuza funso limeneli pamene ndikusita, mpaka tsiku lina ndinapsereza pilo ndine, Nomvuyo n'kupeza pondibwezera.

Mukalota, kapena mukaona chizindikiro chilichonse, mumuuze Lesiba pobwerera. Akavomera, ndiyamba kugula ufa ndi sopo ndi mtima umodzi. Akakana, mundiuzenso osabisa, kuti ndiyambe kufunsa anthu odziwa ngati mtengo wa pichesi wa msinkhu uwu umapirira kuzulidwa, ndiponso ngati chimene tinakwirira pansi pake chimasamutsika.

Jekete ndalibwezera m'kabati. M'thumba muja tsopano mwagona kapepala ka fodya kaja, kuti aone okha mtengo wake, asaganize kuti ndawagulira wotchipa.

Mundiperekere moni kwa a Maleka ndi akunyumba kwawo, kwa amayi a bungwe la maliro, ndi kwa msuweni wanga Ngwanamohuba, mumuuze kuti mphalabungu zouma anandilonjeza zija sindinaziiwale. A MaDlomo akuti moni, akuti bulangete lija likukudikiranibe. Kgaugelo akuti ndikuuzeni kuti mzukwa wayamba kuoneka.

Mulungu akusungireni bondo limenelo, ndipo amene anagona akumvereni monga amachitira nthawi zonse. Mutsire fodya wambiri, azakhali, musaumire. Ndikulipira ndine.

Ndine mwana wa mlongo wanu,
Mosima Sekgobela